Nkhanga yalira mu holo ya kanema

Moni nonse amene mukumvera, makamaka inu amene mwangoweruka kumene ku ntchito ya usiku. Lero sindikamba za mapepala kapena za lendi, chifukwa dzulo ndinakaonera filimu imene yandisowetsa tulo. Dzina lake ndi On Becoming a Guinea Fowl, kutanthauza kusanduka nkhanga, ndipo anaikonza ndi Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka amene anakulira ku Wales. Mu 2024 filimuyi inamupatsa mphoto ya utsogoleri waluso pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, m'gawo la Un Certain Regard. Nditamva Chibemba chikulankhulidwa mu holo ya kuno ku England, ndinakhala mowongoka pampando ngati kuti filimuyo ndi ya kwathu kwenikweni.

Nkhani yake ndi ya Shula, amene akuchokera ku phwando usiku n'kupeza mtembo wa malume ake, a Fred, uli gone pamsewu. Pamaliro azakhali akumukalipira kuti sakulira, mkazi wamasiye amene ndi mwana wamng'ono akumunena kuti sanasamale mwamuna wake, pamene aliyense akubisa zoti malemuwo ankagwirira ana aakazi a m'banjamo.

Chimene chinandipweteka ndi kuseka kwa anthu. Amayi a mufilimuyo atayamba kukwawa ndi maondo akubuma, bambo wina amene anakhala patsogolo panga anaseka mpaka kugwedezeka mapewa. Ambiri olemba ndemanga akuiyamikira ngati nthabwala yowawa yodzaza ndi zinthu zonga maloto, ndipo sindikukana kuti muli zoseketsa. Koma kubuma kuja si maloto ayi. Ine ndinakumva pa WhatsApp chaka chatha, nditatsekeredwa m'kachipinda kosungira matawulo kuntchito, pamene ankaika m'manda bambo anga ondibereka. Abwana anandipatsa masiku awiri okha, ndipo inu mukudziwa kuti masiku awiri safikitsa munthu kulikonse. Ndinatumiza ndalama ya bokosi, ndinapukuta m'maso, kenaka ndinapita kukasambitsa gogo wa eni ake.

Tsono abale anga, mverani. Shula akukakamizidwa kulirira munthu amene anamuwononga, pamene ife kuno tikusowa ndi mmodzi yemwe wotiuza kuti khalani pansi mulire. Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo pa azakhali aja, komanso ndikuwasirira chifukwa anali ndi nyumba ya siwa yogonamo pamodzi. Tisamaganize kuti ndalama imene timatumiza imatichotsera udindo wofunsa kuti mkazi wamasiye wasiyidwa ndi chiyani, kapena chifukwa chimene mwana wina akukanira kuyandikira bokosi. Nkhanga imalira ikaona chilombo kuti nyama zina zithawe, ndipo ife amene timalipira maliro tili ndi mawu amene akuluakulu sangawanyoze.

M'basi pobwerera ndinaimbira foni mchemwali wanga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamufunsa chimene chinachitikira mayi athu aang'ono maliro aja atatha. Anakhala chete nthawi yaitali asanayambe kufotokoza.