Za Kuno ku Mangalande: Kagalimoto ka Mipando Iwiri pa Msewu wa Cat and Fiddle

Moni nonse amene mwatsegula pulogalamu ino, kaya muli pa shifiti ya usiku ku Leeds, kaya muli pa mzere wa mafuta ku Area 18. Lero za mavisa tipume kaye. Ndikusimbireni za kalabu ya eni magalimoto amasewera imene ndinayenda nayo Lamulungu lapitali.

Anandiitana ndi madala ena oyandikana nawo nyumba kuno ku Stockport, mzungu wopuma pantchito, mayi akunyumba anatisiya kale. Iwowo amafuna ndiziwatchula dzina, koma pakamwa panga pamakana, ndiye ndimangoti madala, ndipo anazolowera. M'galaja mwawo amasungamo Mazda MX-5 yofiira, ya mtundu woyambirira uja wa nyali zobisala m'boneti, zimene zimadzuka ukayatsa. Mazda inatulutsa galimotoyi mu 1989, ndipo pofika mu 2016 inali itapanga 1 miliyoni. Ya madalawa kumbuyo kwake sikunalembedwe MX-5 ayi, kunalembedwa Eunos Roadster, dzina limene inkagulitsidwira ku Japan. Ndiye kuti nawonso anaitanitsa yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, ngati mmene timachitira ife ndi ma Sienta athu odzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe.

Mipando ndi iwiri basi. Buti yake, thumba la chimanga iwalani. Ndinawafunsa kuti, madala, nanga mutakumana ndi apongozi pamsewu mungawakweze pati? Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti n'chifukwa chake anaigula.

Tinakumana ndi anzawo m'mamawa pamalo oimikapo magalimoto ku Macclesfield. Ine m'mutu mwanga ndinkayembekezera anyamata a ndalama, matcheni m'khosi, nyimbo zili gu gu gu. Ndinapeza agogo a imvi atavala zipewa zaubweya, aliyense fulasiki ya tiyi m'manja. Wina anali mphunzitsi, wina ankakonza mapaipi a madzi, mayi wina namwino, ndiye tinamvana msanga pa nkhani ya mashifiti. Mtsogoleri anagawa mapepala olembapo njira, anthu angapo anapatsidwa maovaova, ndipo anasankha galimoto yotsekera kumbuyo yoti izidikira wotsalira. Lamulo lake n'limodzi: ukakhota pamphambano, yang'ana kaye ngati wa kumbuyo kwako waona kumene walowera.

Kenako onse anatsitsa madenga. Abale anga, kunja kukuzizira chonchija, mitambo ili bii! Madala anandiponyera bulangete, n'kutsegula hita mpaka kumapeto. Miyendo ikuwotcha, makutu akuuma.

Msewu wake ndi A537, wochoka ku Macclesfield kupita ku Buxton, umene aliyense amautchula Cat and Fiddle potengera dzina la nyumba yomwera mowa yakalekale imene ili pamwamba pake. Amene munatsikapo Khwekhwerere kuchoka ku Dedza kulowera ku Golomoti mukudziwa makona amene ndikunena, kungoti kuno m'mbali muli mipanda ya miyala ndi nkhosa zosasamala za munthu. Msewuwu unkatchulidwa kawirikawiri kuti ndi woopsa kwambiri ku Britain, makamaka chifukwa cha ngozi za njinga zamoto. Pano liwiro salola kupitirira mamailosi 50 pa ola, amene ndi makilomita 80, ndipo makamera ake ndi ochenjera. Sakujambula malo amodzi kuti uponde buleki ukawaona. Amawerengera nthawi imene watenga kuchoka pa kamera ina kukafika pa inzake, ndiye ukafika msanga wadzigwiritsa wekha.

Apa m'pamene ndinamvetsa kagalimotoka. Injini yake ndi 1.6 chabe, ndipo kulemera kwake sikufika tani imodzi. Umakhala pansi penipeni, phula likudutsa pafupi ndi chigongono, moti pa 50 pomwepo mtima umakhala uli m'mwamba. Madala, amene kunyumba amatenga nthawi kuti adzuke pampando, dzanja lawo pa giya linali la mnyamata. Asanalowe pakona amabweza giya, injini n'kulira, kagalimoto n'kukhota kosapendekeka n'komwe. Njira yonseyo sanayankhule. Ankangomwetulira, mphuno itafiira ndi mphepo.

Pamwamba tinaima kujambulitsa, ndipo anandiuza monyadira kuti tili mamita 515 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Ndinangoti zikomo. Sindinafune kuwakhumudwitsa powauza kuti Lilongwe, imene ife timaiona ngati chigwa, ili pamwamba kuposa mamita 1,000.

Ambiri mufunsa ngati ndinagwirako chiwongolero. Ayi ndithu. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pamene wakhazikika kuno. Ikatha, umayambiranso: laisensi yophunzirira, mayeso a pakompyuta, kenako a pamsewu. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku South Africa amangosinthitsa zawo, ife sitili pa mndandanda umenewo. Komanso inshuwalansi ya kuno imayang'ana munthu woyendetsa, ndiye zobwerekana galimoto mwachibale zija zikhoza kukupezetsa milandu. Ndipo mukalemba mayeso pa galimoto ya otomatiki, ya magiya ngati iyi simuloledwa kuyendetsa.

Ku Buxton tinakadya nkhomaliro, ena n'kukatunga madzi ofunda a pa kasupe wa St Ann's Well, amene ndi aulere. Patebulo nkhani inali imodzi: dzimbiri. M'nyengo yozizira makhonsolo amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya chitsulo cha pansi pa zitseko. Galimoto ikaola pamenepo imalephera MOT, imene ili ngati COF yathu, ya chaka ndi chaka. N'chifukwa chake ambiri amaitsekera m'galaja nyengo yonseyo. Anali kuonetsana zithunzi za mabowo a dzimbiri pafoni, wina n'kumapepesa mnzake ngati wadwazika.

Ine ndinakulira poti galimoto ndi ya mudzi wonse: kunyamula wodwala, kutuma maliro, kukatenga feteleza. Galimoto ya anthu awiri ndinkaiona ngati umbombo woyenda pa matayala. Koma nditakhala patebulo paja ndinaona zina. Munthu wina sanabwere, ndipo tisanayambe kudya anali atamuimbira kale foni kufunsa ngati kuli bwino. Pamene mayi akunyumba a madala anamwalira, akuti anzawowa anabwera ndi magalimoto awo n'kuperekeza maliro pa mdipiti. Ana awo ali kutali, kutchalitchi sapita, ndipo pa msewu wathu anthu amangopatsana moni wa pakhosi. Amene amadziwa kuti madala sanatuluke m'nyumba sabata ino ndi a kalabu.

Loweruka likubwerali ndikawathandiza kukweza galimoto pa jeke, akufuna kupaka mankhwala a dzimbiri kunsi chisanu chisanayambe, ndipo mawondo awo salola kugwada. Malipiro tagwirizana kale: azindifunsa mafunso a zikwangwani za pamsewu, poti mayeso anga a pakompyuta ndi mwezi wamawa. Amene munakhoza kale, nditumizireni mauthenga a mawu pa WhatsApp mundiuze pamene panakuvutani, tidzawamvetsere limodzi pulogalamu ikubwerayi. Tsalani bwino.