Chifukwa Chake Chiboliboli cha Dongo Chimang'aluka: Zimene Tayesa M'kalasi la Zoumba ndi Zosema

[Chithunzi: tebulo la m'kalasi, pali mitu itatu ya dongo, umodzi uli ndi mng'alu kuchokera pakhutu mpaka pachibwano]

Moni kwa inu nonse amene mukuonera. Lero tikambirana funso limene wophunzira aliyense wa zoumba ndi zosema amakumana nalo m'teremu yoyamba: n'chifukwa chiyani chiboliboli cha dongo, ngakhale chaumbidwa mosamala, chimang'aluka pouma kapena kuphulika pamoto? Ine ndikuphunzira zaluso pa koleji kuno ku Chipata, ndipo zimene ndifotokoze zachokera pa ntchito zoyesa zimene aphunzitsi athu anatipatsa, komanso kwa amayi oumba mbiya kwathu ku Katete.

Ena amaona dongo ngati choseweretsa cha ana oweta ng'ombe, koma ziboliboli zamkuwa, za mtundu wa Freedom Statue ya ku Lusaka imene inatsegulidwa mu 1974, kawirikawiri zimayamba kuumbidwa ndi dongo, kenako amapanga chikombole n'kuthiramo chitsulo chosungunula. Wophunzira amene salimvetsa dongo sangafike kumeneko.

[Chithunzi: manja akulemba mzere pa kachidutswa ka dongo pogwiritsa ntchito rula]

Ntchito yoyamba inali yoyeza. Aliyense anaumba tizidutswa tathyathyathya ndi mtapo wa kudambo, tina ndi dothi la pachulu, n'kulembapo mzere wa masentimita 10 dongo likadali lonyowa. Titayezanso litauma, mzere uja unali utafupika pa kachidutswa kalikonse, koma makamaka pa mtapo wosalala uja umene umakoma kwambiri m'manja. Dongo lambiri limachepa ndi magawo apakati pa 5 ndi 10 pa 100 alionse likamauma, chifukwa madzi amene anali pakati pa tinthu take ting'onoting'ono amachoka ndipo tinthuto timayandikana.

Kuchepako pakokha si vuto. Mng'alu umabwera pamene mbali imodzi yachepa msanga kuposa inzake. Pa mutu wa munthu, makutu ndi mphuno n'zopyapyala, choncho zimauma tsiku lomwelo, pamene nkhongo ndi khosi zikadali zonyowa mkati. Zouma zija zimakokera kwake, zonyowa zimakana, ndipo dongo limagawanika pamalire. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, pamene mphepo ya kuno imakhala youma ndipo dzuwa limaswa mtengo, zimenezi zimachitika mofulumira kwambiri. Tinaona kuti mutu wophimbidwa ndi pulasitiki, woikidwa pamthunzi posafika mphepo, n'kumautsegula pang'onopang'ono, umauma wathunthu. Tinaonanso kuti waya kapena ndodo yosiyidwa mkati imang'alula dongo, popeza iyo siichepa nalo limodzi. N'chifukwa chake timakulunga ndodoyo ndi nyuzipepala, ndipo timaichotsa dongo likangolimba.

[Chithunzi: mapale akusinjidwa mumtondo, kenako akusefedwa]

Ntchito yachiwiri ndiyo inandikhudza mtima kwambiri. Aphunzitsi anatiuza kuti tisinje mapale a miphika yakale, tisefe, n'kusakaniza ndi mtapo pa milingo yosiyanasiyana. Phale linapsa kale, choncho silichepanso, ndipo timibulu take timatsegula tinjira todutsamo madzi ndi nthunzi. Tizidutswa tokhala ndi mapale tinachepa pang'ono ndipo sitinapindike. Titachulukitsa mapale, dongo linayamba kuyoyoka m'manja ndipo milomo ndi zikope sizinkaumbika bwino. Mlingo woyenera umadalira kumene mwatapa dongolo, ndiye aliyense ayenera kuyesa lake.

Nditakafotokozera mayi wina wachikulire woumba mbiya za zimenezi, anandionetsa mmene iwo amapindira kachingwe ka dongo pachala: kakasweka pakupinda, dongolo lili ndi mchenga wambiri, kakamata kwambiri, likufunika kuwonjezeramo. Iwo sanagwirepo rula, komabe amadziwa ndi zala zimene ife timalemba m'kope. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti wophunzira wa pakoleji amene sanakhalepo pansi pafupi ndi amayi otere wadzimana theka la maphunziro ake. Chimene kalasi limawonjezera ndi kuyeza ndi kulemba, kuti zimene zatheka lero zithekenso mawa ndi dongo la kwina.

Za mtengo ndingotchula mwachidule, popeza tidzaukambirana pawokha. Posema mlombwa ndi kasemasema, chimene mwachotsa simungachibwezere, pamene dongo limalola kuchotsa ndi kuwonjezera. Koma nawonso mtengo wauwisi umang'aluka ukauma mothamanga, pa chifukwa chomwechi.

[Chithunzi: mutu wa dongo wadulidwa pakati ndi ulusi, mkati mukugobedwa ndi supuni]

Tsopano tifike pamoto. Chiboliboli chosagoba mkati chimasunga madzi ngakhale kunja kukuoneka kouma. Madzi akafika madigiri 100 amasanduka nthunzi, imene imafuna malo oposa a madziwo kuwirikiza ka 1,600, ndipo ikasowa potulukira imaphulitsa dongo. Choncho mutu ukalimba koma usanaume, timaudula pakati ndi ulusi, timagoba mpaka khoma litatsala lochindikala masentimita awiri paliponse, timakanda m'mphepete, kupakamo phala la dongo, n'kulumikizanso, ndipo timasiya bowo kunsi kwa khosi. Musanawotche, gunditsani chiboliboli patsaya lanu. Ngati chikuzizira, madzi akadalimo.

Kuwotcha kwenikweni kumayamba ndi kuwamba chiboliboli pambali pa moto wochepa, n'kumachitembenuza, monga amachitira oumba miphika asanaiunjikire nkhuni ndi makungwa. Pakati pa madigiri 450 ndi 600 mumatuluka madzi ena amene ali m'thupi lenileni la dongo, ndipo kuchokera pamenepo silingasungunukenso likanyowa. Pa madigiri 573, timiyala tolimba ta mumchenga totchedwa quartz timafufuma mwadzidzidzi, ndipo pozizira timachepanso pa madigiri omwewo. Moto wapabwalo wa nkhuni umafika pakati pa madigiri 600 ndi 900, kutanthauza kuti chiboliboli chanu chimadutsa pamalo oopsawa kawiri, pokwera ndi potsika.

N'chifukwa chake sitichivuula chikangofiira, ngakhale mtima ukufunitsitsa kuona. Timachisiya m'phulusa usiku wonse, chotetezedwa ku mphepo, ndipo m'mawa timachigogoda ndi chala. Chikalira ngati belu ndiye kuti chapsa bwino. Chikamveka mogonthera, muli mng'alu wobisika kapena moto unachepa, ndipo timalemba m'kope mtundu wa dongo, mlingo wa mapale ndi kutalika kwa nthawi yowamba, kuti tidziwe choyenera kusintha pa mutu wotsatira.