Mfuti za m'kabati ya achikulire ku Lisbon

Moni nonse amene mukundimvera, kaya muli ku Ulongwe kwathu, ku Dedza, ku Johannesburg kapena konkuno ku Ulaya. Ndikulankhula kuchokera ku Amadora, m'mphepete mwa mzinda wa Lisbon ku Portugal, kumene ndakhalako zaka 6 tsopano. Ntchito yanga ndi yosamalira bambo ena achikulire a Chipwitikizi amene miyendo inayamba kuwakana ndipo manja awo amanjenjemera. Ndinalembedwa kuti ndiziwasambitsa, kuwaphikira ndi kuwapatsa mankhwala, koma m'kupita kwa nthawi ndasanduka mlembi wa chinthu chimene amachikonda koposa, chomwe ndi mfuti zing'onozing'ono zakale za asilikali a dziko lawo, zija timati mapisitolo.

Ndiyambe ndakuchotsani mantha. Kuno munthu sangosunga mfuti monga amasungira makasu, chifukwa malamulo a chaka cha 2006 amafuna kuti wotolera mfuti zakale akhale ndi chiphaso chochokera kupolisi ya PSP, akhale membala wa bungwe lovomerezeka la otolera, ndiponso azitsekera katundu wake pamalo otetezeka. Ine ndilibe chiphasocho, kotero kabati yachitsuloyo amatsegula okha achikulirewo. Langa ndi kugwira nyale ndi galasi lokulitsa zinthu, kujambula zithunzi, ndi kulemba pakompyuta zimene akundiuza.

Yakale kwambiri m'kabatimo ndi Abadie, mfuti ya chigubu chozungulira yopangidwa ku Liège m'dziko la Belgium, imene akuluakulu a asilikali anayamba kunyamula mu 1878, kenaka ina yaikulupo inabwera mu 1886. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti Apwitikizi amatchula zida zawo ndi chaka chimene anazilandira atachotsapo nambala yoyamba, motero 1878 imalembedwa m/878. Mwaona kachitseko kamene amalowetserapo zipolopolo? Pa Abadie, kachitsekoko kakatsegulidwa mfuti singaombe ngakhale mutakoka kachitsulo koombera, imangozunguza chigubu kuti muike chipolopolo china.

Koma imene inandigwira mtima ndi Luger, imene kuno amaitcha Parabellum. Pa 1 February 1908, mfumu Carlos I ndi mwana wake wamkulu Luís Filipe anawomberedwa pabwalo la Terreiro do Paço, malo amene ine ndimadutsapo popita kukakwera boti la pamtsinje wa Tejo. Ufumu unagwera mnyamata wa zaka 18, Manuel II, ndipo mfuti pafupifupi 5,000 zimene boma linaitanitsa kukampani ya DWM ku Germany zinabwera zitazokotedwa chisoti chachifumu pamwamba pa chilembo M chopiringizana ndi nambala 2. Ufumuwo sunakhalitse, popeza pa 5 October 1910 unagwetsedwa ndipo mfumu inathawira ku England. Mfutizo zinali zidakali zatsopano ndipo zinali zitadya ndalama, choncho sizikanatayidwa. Zambiri anangozipala chizindikiro cha mfumu n'kuzibwezera m'chiuno mwa asilikali. Achikulirewo ali nazo ziwiri. Ina ili ndi chisoti chake chooneka bwino, pamene inayo pamalo pomwepo pali kachigwa kosalala, kamene ukaunika ndi nyale cham'mbali umaona timizere ta tupa. Za asilikali a pamadzi zinasinthanso chimodzimodzi: zoyamba zili ndi chisoti pamwamba pa nangula, zotsatira zili ndi zilembo R.P., kutanthauza República Portuguesa, dzina la boma latsopano lopanda mfumu, pamwamba pa nangula yemweyo.

Pali kachitsulo kena pamwamba pa mfutiyi kamene kamatukuka pang'ono chipolopolo chikakhala m'kati, ndipo pambali pake panalembedwa mawu akuti CARREGADA, ndiye kuti yodzaza, kuti msilikali adziwe ndi maso kapena ndi chala mumdima. Otolera amayang'ana mawu amenewa, amayang'ananso ngati manambala awiri omaliza a mfuti akufanana patizigawo take tating'onoting'ono, pakuti alipo akamberembere amene amalumikiza zidutswa za mfuti zosiyana, kapena kuzokotanso chisoti pamene chinapalidwa, kuti mtengo ukwere. Kangapo ndawakankha achikulirewa panjinga yawo kupita ku Museu Militar, nyumba yoonetseramo zinthu zakale za asilikali, pafupi ndi siteshoni ya Santa Apolónia, kukayerekeza zizindikiro, ndipo makalata ena akale anawapeza ku Arquivo Histórico Militar, kosungirako zolemba zakale za asilikali, nthawi imene anali ndi mphamvu. Kunena zoona, kuleza mtima kwawo ndimakusirira, chifukwa salola kuti ndilembe chinthu chimene sanachitsimikize.

Zina ndingozidutsa mwachangu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatseka njira ya ku Germany, Apwitikizi anagula mfuti za Savage ku America, zimene amazitcha m/915. Mu 1935 kampani ya Mauser inapangira gulu la apolisi achisilikali la GNR ma Luger 564 okha, n'chifukwa chake amasowa ngati mano a nkhuku. Mu 1943 kunabweranso ena oposa 4,000, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nthawi imene boma la Salazar, wolamulira Portugal, linkagulitsa wolfram, miyala yolimbitsira zitsulo za zida, kwa Ajeremani ndi Angerezi omwe.

Tsono tinafika pashelefu yam'munsi, pamene pali Walther P38, imene asilikali a Portugal anailandira mu 1961, chaka chimene nkhondo inayamba ku Angola, ndipo inagwira ntchito mpaka 2019 pamene anayamba kuisintha ndi Glock 17. Nditaiona m'chikwama chake chachikopa, ndinakumbukira agogo anga aakazi, amene kwawo kunali kufupi ndi Furancungo. Nkhondo ya Frelimo itafika m'chigawo cha Tete mu 1968, anthu ankasonkhanitsidwa m'midzi yotchingidwa ndi waya imene ankaitcha aldeamento, ndipo agogowo anathawira ku Malawi usiku, mayi anga ali kumbuyo. Iwo sankadziwa dzina la mfuti iliyonse, koma ankati asilikali a mfuti zazitali, zimene lero ndikudziwa kuti zinali G3 zopangidwa ku Braço de Prata konkuno ku Lisbon, ambiri anali anthu akuda anzathu, ndipo sankawaopa kwambiri. Amene ankamuyang'anitsitsa anali wa kamfuti kam'chiuno, chifukwa iyeyo akaloza ndi dzanja, nkhokwe zinkayaka. Inu a ku Tete mukudziwa zimene zinachitika ku Wiriyamu pa 16 December 1972, pamene asilikali a Apwitikizi anapha anthu ambiri a m'midzi, zimene nduna yaikulu ya Portugal pa nthawiyo, António Costa, anapepesa ku Maputo mu 2022, patatha zaka pafupifupi 50.

Ndinawauza achikulirewo nkhani ya agogo anga momwe ndakuuziranimu, osawonjezera kapena kuchotsera. Anakhala duu kwa nthawi, akusisita chikopa cha chikwamacho ndi chala, kenaka anandiuza kuti iwonso anatengedwa mokakamizidwa ali ndi zaka 22, anapatsidwa udindo wa alferes, ndiye kuti mtsogoleri wa kagulu ka asilikali, ndipo anatumizidwa ku Tete komweko. Mfuti ya m'kabatiyi si imene ankanyamula, anaigula pambuyo pake, koma ndi ya mtundu womwewo.

M'kaundula wathu, mfuti iliyonse ili ndi mzere wa fakitale, wa chaka, wa nambala, wa kukula kwa chipolopolo, ndipo kumapeto kuli mzere wa observações, wolembamo zina zoonjezera. Pa Walther anandiuza kuti ndilembe kuti: Tete, 1971 mpaka 1973. Ndinafunsa mwaulemu kuti, "Senhor, ndilembe mudzi uti?" Anayankha kuti atopa, tidzapitiriza mawa, ndipo anandipempha kuti ndiwathandize kuimirira kuti atseke kabati. Papita masabata atatu, tamaliza kulemba mfuti zina zinayi, koma pamzere umenewo sitinabwererepo. Lachisanu likubwerali tikuyamba kujambula zikwama zachikopa, ndipo cha Walther ndachiika pamwamba pa zinzake.