Mwana watengera yani?

Zikomo a mfumu, a sheikh, abusa, amayi ndi abambo nonse amene mwasiya maukonde ndi makasu kudzakhala pansi pa mango uno. Ine ndaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zambiri, ndipo lero ndabwera ndi funso limene tonse tinafunsapo. Mwana akangotuluka m'chikuta, azakhali amamuyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Mphunoyi ndi ya bambo ake, koma makutuwa ndi a malemu agogo." Nthawi zambiri nkhaniyi imathera m'kuseka. Koma ine ndinaonapo ikupasula banja. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa anabereka mwana wachialubino, ndipo sabata isanathe mwamuna anamanga katundu n'kubwerera kwawo, ati kumtundu kwawo kulibe zimenezi. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa yankho la nkhaniyi linapezeka kalekale, m'dimba la nsawawa.

Mwini dimbalo anali Gregor Mendel, wansembe wa Katolika ku Brno, mzinda umene lero uli m'dziko la Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 ntchito yake inali kukwatitsa nsawawa: amatenga mungu wa duwa ili n'kuupaka pa duwa ilo, kenako n'kudikira, n'kuwerenga zimene zamera. Anthu a nthawi imeneyo ankaganiza kuti chibadwa cha makolo chimasakanikirana ngati mkaka mu tiyi. Zikanakhala choncho, nsawawa yaitali ikakwatirana ndi yaifupi, ana akanakhala apakatikati. Koma ayi, ana onse anatuluka aatali. Nanga ufupi uja unapita kuti? Iye anatola njere za anawo n'kubzalanso. Zidzukulu zitakula anaziwerenga chimodzichimodzi: zazitali 787, zazifupi 277. Ufupi uja unabwerera, pafupifupi mbewu imodzi pa zinayi zilizonse.

Apa Mendel anazindikira kuti pa chinthu chilichonse, kaya msinkhu kaya mtundu wa duwa, mbewu imasunga malangizo awiri, lina lochokera kuchikazi, lina kuchimuna. Lina limakhala lamphamvu, ndilo limaonekera. Lina ndi lofatsa, limabisala, koma silifa. Limadikira tsiku limene lidzakumane ndi linzake lofatsa. Analemba zonsezi mu 1866, koma anthu sanazilabadire. Anamwalira mu 1884, ndipo mu 1900 ndi pamene akatswiri ena anafukula zolemba zake n'kuona kuti ananena zoona.

Malangizo amenewa pa Chingerezi amati ma gene, ndipo m'mabuku ena a Chichewa mudzapeza atalemba kuti majini. Ndichenjezeretu, chifukwa kwathu kuno mawu amenewa amatanthauza zina: awa si majini ogwira munthu ayi. Ndi tinthu tenitenidi timene tili m'thupi mwa aliyense wa ife.

Ndabweretsa matumba awiri. M'thumba lililonse muli nyemba zofiira ndi zoyera, zofanana kuchuluka. Tinene kuti yofiira ndi langizo lamphamvu limene limauza khungu kuti lipange kuda kwake, yoyera ndi lofatsa limene silipanga. Thumba ili ndi la mayi, ili ndi la bambo. Onse awiri ndi akuda ngati ine, chifukwa yofiira ikuphimba yoyera. Mayi inu mwakhala kutsogoloku, pisani umu osayang'ana. Achimwene, inu pisani umo. Tsegulani manja tione. Yofiira ndi yoyera. Mwana ameneyu abadwa wakuda, koma wasunga yoyera, ndipo tsiku lina angadzaipereke kwa ana ake. Bwezerani, tipisenso. Zofiira zokhazokha, wakudanso. Tikapitiriza, nthawi ina manja onse awiri atuluka ndi zoyera, ndipo ameneyo ndiye mwana wachialubino.

Yang'anitsitsani, abambo anzanga. Dzanja limodzi silingatulutse nyemba ziwiri zoyera. Ualubino umene timauona kuno subwera pokhapokha mayi ndi bambo onse apereka mbali yawo. Mwamuna uja ananena kuti kumtundu kwawo kulibe, koma nyemba yoyera anali nayo, inangoyenda mobisala kuchokera kwa agogo a agogo ake. Mayi sanayende ndi mzungu, sanalodzedwe, sanadye chosayenera ali woyembekezera. Dziwaninso kuti pa mimba iliyonse kupisa kumayambira poyamba. Banja lina lingakhale ndi ana sikisi popanda wachialubino, lina n'kukhala ndi awiri otsatizana. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muno muli anthu achialubino oposa 134,000. M'mafupa mwawo mulibe chizimba cha chuma, ndi mafupa ngati anu ndi anga. Chimene amasowa ndi chipewa chachikulu, zovala za manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa, ndiponso malo akutsogolo m'kalasi chifukwa ambiri saona bwino patali.

Palinso mlandu wina umene amayi amasenza popanda kulakwa, wobereka ana aakazi okhaokha. Thupi lathu linapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'kati mwake muli timitolo ta malangizo 46, totchedwa ma chromosome. Timitolo 23 tinachokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Mwambo wathu umati mwana ndi wa kuchikazi, mwinimbumba ndi malume, ndipo ine sindikutsutsa mwambo. Koma m'thupimo agawana pakati ndi pakati. Pa timitoloti pali tiwiri timene timanena ngati mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi. Dzira la mayi nthawi zonse limanyamula kotchedwa X. Mbewu ya bambo ndiyo imanyamula X kapena Y. Ikafika ya X, mwana ndi wamkazi. Ikafika ya Y, ndi wamwamuna. Ndiye kusiya mkazi n'kukakwatira wina pofuna mnyamata n'kulakwira munthu wosalakwa, ndipo bambonso sasankha, ndi kupisa m'thumba komweku.

Timitoloti tinapangidwa ndi kaulusi kotchedwa DNA. Mu 1953 James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge, pothandizidwa ndi zimene Rosalind Franklin anapeza ku London, anaonetsa kuti kaulusika ndi ka nkhosi ziwiri zopotana, ngati chingwe cha khoka. Nkhosizo zikamasulana, iliyonse imapanga inzake yatsopano, ndipo umu ndi mmene malangizo amakoperedwa.

Alimi, lamulo la Mendel mumalidziwa kale m'munda. Chimanga cha hayibulidi chaka choyamba chimakula chofanana ngati asilikali. Mukabzalanso njere zake, china chitalika, china chifupika, zokolola n'kutsika. Ndi zidzukulu zija za nsawawa.

Tsono pokopera malangizo, nthawi zina pamalowa kusintha pang'ono. Charles Darwin, m'buku lake la mu 1859, anafotokoza kuti ana a cholengedwa chimodzi safanana ndendende, ndipo amene chibadwa chawo chikugwirizana ndi malo awo ndiwo amapulumuka n'kubereka ambiri. Pakapita mibadwo yambiri, mtundu wonse umasintha. Izi si za kutali ayi. Akuluakulu mukukumbukira kolorokwini, wowawa uja, woyabwitsa thupi. Poyamba ankachiza malungo bwinobwino. Koma tizilombo tochepa timene tinali ndi chibadwa chopirira mankhwalawo sitinafe, tinaswana mpaka tinadzaza dziko. Mu 1993 Malawi anasiya kolorokwini n'kuyamba Fansidar, ndipo mu 2007 anasinthanso kupita ku LA. N'chifukwa chake achipatala amalimbikira kuti tizimaliza mankhwala onse ngakhale thupi litapepuka.

Koma umboni umene ine ndimaukonda kwambiri uli m'nyanja yathuyi. Akatswiri amachoka ku Ulaya ndi ku America kudzamira ku Cape Maclear kuti aone mbuna, tinsomba ta m'miyala timene ana athu amawedza posewera. M'nyanjayi muli mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja limeneli, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko. Mbuna, utaka ndi ncheni zinachokera kwa kholo limodzi. Taonani mmene zasiyanirana: mbuna ili ndi kamwa yopalira ndere pa mwala, utaka umatola tizakudya toyandama m'madzi, ncheni yatalika ndipo ili ndi mano ogwirira usipa. Koma zonse zimafungatira mazira m'kamwa, chizindikiro cha kumtundu kwawo. Mbuna sikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, choncho za pa chilumba ichi zimakwatirana zokhazokha, za pa chilumba icho zokhazokha, ndipo yaikazi imasankha yaimuna poona maonekedwe ake. Pang'ono ndi pang'ono za uku zimasanduka mtundu wina. Nsomba zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti boma likhazikitse Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984.

Ndaona kuti nthawi ya swala yayandikira, ndipo asodzi akufuna kukakonza nyali. Matumba awiriwa ndiwasiya kwa a mfumu. Amene akukayika abwere ndi mnzake, apise ka 40, azibwezera nyemba nthawi iliyonse, ndipo alembe kuti zoyera ziwiri zatuluka kangati. Lachinayi ndikabweranso mudzandiuze. Mayi akumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.