Kobiri lomata dothi: tilitsuke bwanji osaliwononga?

[Pathebulo pali kobiri lobowola pakati, mswachi ndi kapu yagalasi]

Moni nonse. Ili ndi kobiri la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lija lobowola pakati, lokhala ndi njovu ziwiri zoimirira. Makobiri otere anayamba kutuluka mu 1955, ndipo mpaka lero amapezeka m'mabwinja, m'minda ndi m'zikombole za agogo. Ilili dothi lalimata mwakuti njovuzo sizikuoneka.

Munthu akalitola, maganizo amathamangira ku phulusa, mchenga kapena sitilowulu, ngati kuti ndi poto wophikira nsima. Ena amaliviika mu mandimu, viniga kapena Coca-Cola. Liwala ndithu, sindikukana. Koma liwala chifukwa asidi wadya khungu lake, ndipo likhala lofiira mosaoneka bwino, lodzaza timaenje. Brasso nayenso amapala, amasiya timizere tosafufutika.

Khungu ndikunenali ndi mtundu woderako, nthawi zina wobiriwira mwakuda, wosalala, umene mkuwa umavala pakapita zaka zambiri. Limeneli si litsiro ayi. Ndi limene limatchinga mkuwa wam'kati kuti mpweya usaudye, ndipo kobiri likakhalitsa m'nthaka, zilembo ndi zithunzi zimakhala zili m'khungu momwemo. Mukalichotsa, njovu zimapita nalo limodzi. Osonkhanitsa ndalama zakale akaona kobiri lopalidwa amatsitsa mtengo kwambiri, ena salifuna n'komwe. Ndiye ntchito yathu ndi kuchotsa dothi lokha.

[Maginito m'manja]

Musanaviike chilichonse, yesani ndi maginito. Makobiri a Chitaganya sagwidwa. 1 tambala ndi 2 tambala za 1971, chaka chimene kwacha inayamba, nazonso sizigwidwa chifukwa ndi zamkuwa. Koma zina zimene zinapangidwa pambuyo pake ndi chitsulo chongokutidwa mkuwa pamwamba, ndipo maginito amazikoka. Zimenezo musazigoneke m'madzi, zichita dzimbiri. Kuzipukuta ndi kuziumitsa basi.

Onaninso chaka. Tiki, sikisi kapena sheleni ya Britain ya chaka cha 1946 kubwerera m'mbuyo ili ndi siliva. Kuyambira 1947 anasiya kuikamo. Siliva ndi wofewa, sachedwa kukalika, ndiye ngati mwapeza yotere ndipo chaka chikuwerengeka, langizo langa n'lakuti muitsukuluze ndi madzi, kenako muisiye.

[Kuthira madzi m'kapu]

Tsopano madzi. Apampopi ali ndi klorini, apachitsime ali ndi mchere wam'nthaka, ndipo zonsezi mkuwa sugwirizana nazo. Gulani madzi othira mu batire ya galimoto, amene amagulitsa malo omwetsera mafuta ndi m'mashopu a zipangizo za galimoto. Chonde werengani botolo: madzi a batire, osati asidi wa batire. Mabotolo awiriwa amakonda kukhala pashelefu imodzi.

Ikani kobiri limodzi m'kapu, osasakaniza lamkuwa ndi lasiliva. Lisiyeni masiku angapo. Poti madziwa alibe mchere uliwonse, amakoka mchere umene uli m'dothimo, dothi n'kuyamba kufewa. Mukatero livuuleni, ligwireni m'mphepete, mulitsuke ndi mswachi wofewa, mopanda mphamvu. Pamene dothi lakakamira, tengani kotokosera mano kapena kansungwi kosongola, mulitokose cham'mbali kuti ligamuke lokha. Singano ayi, nsonga ya mpeni ayi. Mtengo ndi wofewa kuposa mkuwa, ndiye chothyoka ndi mtengowo, kobiri n'kutsala bwinobwino. Sinthani madzi, libwezereni, mubwerezenso. Kobiri lomata kwambiri litha kukutengerani milungu, ngakhale miyezi.

Pa intaneti mumva ambiri akutama mafuta a olivi, makamaka amene amatsuka ndalama za Aroma. Amafewetsadi dothi, koma amadetsa kobiri, amalowa m'timing'alu, ndipo kuwachotsa n'kovuta. Ine sindiwakonda. Ngati vuto ndi guluu, tepi kapena mafuta, asetoni weniweni (mankhwala amadzimadzi osungunula zomata) amachotsa osakhudza mkuwa. Gwiritsani ntchito panja, kutali ndi moto. Mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo musawadalire, ambiri amaikamo mafuta ndi zonunkhiritsa.

[Kamera iyandikire pa kadontho kobiriwira]

Apa ndiye penyetsetsani. Kubiriwira kulipo kuwiri. Kolimba, kosalala, kosachoka mukakhudza, kusiyeni. Koma mukaona kobiriwira kowala, kwaufa, kongoyoyoka mukatokosa, amenewo ndi matenda a mkuwa. Mchere wokhala ndi klorini unalowa m'kati, ndipo ukakumana ndi chinyezi umabala asidi amene amadya mkuwa, kudyako n'kubalanso asidi wina. Sikuleka kokha, kumapitirira mpaka kuboola kobiri. Lipatuleni kwa anzake, muchotse ufawo ndi kansungwi. Sakanizani soda wophikira ndi soda wochapira (washing soda, osati caustic soda) mofanana, magalamu 5 a zosakanizazo m'mamililita 100 a madzi a batire aja. Viikani, muzisintha mlungu uliwonse mpaka madzi asiye kubiriwira, kenako tsukuluzani. Likakhalitsa m'menemo khungu labwino lija nalonso limayamba kusintha, ndiye muziliona kawirikawiri.

Nanga tilekere pati? Chaka chikawerengeka, njovu zikaoneka, basi. Dothi lotsalira m'makona mwa zilembo lisakuvuteni, limathandizanso kuti zilembozo zioneke.

Poumitsa, ligunditseni pansalu yofewa, osalikhula, kenako liikeni padzuwa tsiku lathunthu, mukulitembenuza. Ofuna angapake phula lotchedwa Renaissance Wax, limene linapangidwira ku British Museum, koma pokhapokha kobiri litaumiratu, apo ayi mutsekera chinyezi m'kati. Lisungeni m'kaenvelopu kapepala, lokha, pamalo ouma. Timapulasitiki tofewa ta PVC timatulutsa zomata zobiriwira pakapita nthawi. Ndipo limene linali ndi ufa uja muzilisuzumira nyengo yadzinja, chifukwa chinyezi chikachuluka matendawo amatha kuyambiranso.