Area ya rhombus: 2 uja amachokera kuti?

Muli bwanji nonse amene mukuonera? Lero tili pa rhombus, makamaka inu amene mukukonzekera mayeso a MANEB. Tiona chifukwa chake timagawa ndi 2 pofuna kupeza area yake, kutanthauza kukula kwa malo a m'kati mwake.

Rhombus mumaiona tsiku ndi tsiku. Mukamadutsa ku Mchesi kapena ku Kawale, tayang'anani zitsulo zowotcherera za m'mawindo, kapena waya wa mpanda. Timipata tija tooneka ngati dayamondi wa pamakadi, ndi timeneto. Mbali zake zinayi n'zofanana kutalika, koma chinthucho n'chopendekeka.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, ndipo zimandiwawa chifukwa malikisi amatayika pachabe. Akaona mbali zofanana amangoti mbali kuchulukitsa ndi mbali, ngati sikweya.

(Aonetsa timitengo tinayi patebulo)

Timitengo iti n'totalika masentimita 5 kalikonse. Ndapanga sikweya, area yake 25. Tsopano ndikukankha ngodya imodzi. Mwaona? Timitengo sitinafupike, koma malo a m'katimu achepa. Ndikapitiriza kukankha, atheratu.

Ndiye tiyeza chiyani? Mizere iwiri yodutsa pakati, yochoka pangodya kukafika pangodya yoyang'anana nayo. Mkalasi timaitchula kuti ma diagonal. Mu rhombus imakumana pakatikati penipeni, ndipo imapanga mtanda wa madigiri 90. Wanga wautaliwu ndi masentimita 8, waufupiwu 6.

(Ajambula rekitango kuzungulira rhombus)

Onetsetsani bwino pano. Ndajambula rekitango yokhudza nsonga zonse zinayi. M'litali mwake 8, m'lifupi 6, ma diagonal athu omwe aja. Area yake 48. Koma rhombus sinadzaze rekitango yonse, m'makona mwatsala matrayango anayi. Ndikuwadula ndi lumo, n'kuwasanja pamwamba pa rhombus. Akwana ndendende, popanda kotsala! Ndiye kuti rhombus ndi theka la rekitango. Uko ndi kumene 2 uja amachokera: 8 kuchulukitsa ndi 6, kugawa ndi 2, yankho masikweya sentimita 24. Osati 25.

Funso lina silikupatsani ma diagonal. Likakupatsani mbali ndi msinkhu, chulukitsani ziwirizo basi, osagawanso. Koma msinkhu wake ndi woongoka, wochoka pambali ya pansi kukagunda ya pamwamba, osati mbali yopendekeka ija. Ndikayeza wanga pano ndi rula, ndi masentimita 4.8. Tichulukitse ndi 5. Yabweranso 24 yomwe ija.