Kupita maola 14, kubwerera 12

Moni abale anga, kulikonse kumene mukundimvera. Ndikulankhula kuchokera kuno ku Sydney. Anthu akandifunsa kuti kuno n'kutali bwanji, sindithamangira makilomita. Ndimayamba ndawafunsa kuti mukunena popita kapena pobwerera?

Pakati pa bwalo la ndege la Kingsford Smith kuno ku Sydney ndi la OR Tambo ku Johannesburg pali mtunda wa makilomita pafupifupi 11,000. Mtundawo susintha, koma nthawi imasintha. Ndege ya Qantas yosaima panjira imatha maola ngati 14 popita ku Johannesburg, pomwe pobwerera imatha ngati 12 basi. Chimachititsa ndi mphepo yamphamvu ya m'mwambamwamba imene amaitcha jet stream, yomwe imaomba kuchokera kumadzulo kupita kummawa. Popita mumalimbana nayo ngati munthu wopalasa njinga moyang'anizana ndi chimphepo. Pobwerera imakukankhani kumsana.

Chimene ine chimandisangalatsa kwambiri ndi kamapu ka pa sikirini ya kumbuyo kwa mpando. Anzanga amaonera mafilimu, ine maso ali pa kandege koyera kaja. Mukayang'ana mapu apakhoma mungaganize kuti tingodutsa nyanja ya Indian Ocean mowongoka. Ayi ndithu. Kandegeko kamakhotera kumwera, n'kumatsetsereka ngati katayika, mpaka kuyandikira ku Antarctica. Dziko ndi lozungulira, ndiye njira yooneka yokhotayo ndiyo yachidule. Masiku ena kukakhala kopanda mitambo, okhala pawindo amaona madzi oundana pansi. Ndipo kwa maola ambiri palibe mzinda, palibe nyale, nyanja yokhayokha. Wamantha asamayang'aneko kawirikawiri.

Kenako pali nkhani ya wotchi. Sydney ili patsogolo pa Johannesburg ndi maola 8, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Epulo amakhala 9 chifukwa kuno amasuntha nthawi. Ndiye mukanyamuka m'mawa, mumatera masana a tsiku lomwelo, ngati dzuwa lakudikirani. Pobwerera m'pamene mumalipira ngongole. Mumanyamuka madzulo, usiku umatha mofulumira, pofika n'kuti kuli kale masana a tsiku lotsatira. Ulendo wofupikawo ndi umene umadya tsiku lonse pa kalendala.

Thupi nalo silimva za tikiti. Mapazi amatupa moti nsapato zimene munavula ponyamuka zimakana kulowa. Mukafika, 2 koloko usiku maso ali gwa, pomwe masana kuntchito mutu ukungogwera pa tebulo. Ndiye inu amene mukuwerengera masiku a tchuthi, musagule tikiti yofika Lamlungu masana Lolemba muli pa shifiti ya m'mawa. Siyani tsiku limodzi kapena awiri oti mungogona. Komanso sankhani mpando wa m'mphepete mwa kanjira, kuti muzitha kudzuka n'kuwongola miyendo osadzutsa munthu.